Mbala yoipa mtima ikhoza kukhala bishopu

Mwezi wa July kuno ku Mlangeni munthu sachedwa panja. Dzuwa likangopendeka, mphepo yochokera ku Angonia imalowa mpaka m'mafupa, amayi ogulitsa mbatatesi ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1 amayamba kulongedza, ndipo ife a imvi timathamangira mbaula. Mudali m'nyengo yotere, mu 2024, pamene mwana wa mlongo wanga adatsika minibasi yochokera ku Lilongwe atabereka chikwama cha laputopu, ati wabwera kudzapuma milungu itatu. Kupuma kwakeko kudali kukhala pa mpando wanga wabwino mpaka pakati pa usiku, maso ali pa sikirini, dzanja likujambula timabokosi m'kope la masamu.

Nditamufunsa chimene amalemba adati, "Amalume, ndikujambula mapu kuti ndisasochere. Iyitu ndi gemu ya anthu a msinkhu wanu, idatuluka mu 1981." Ndidasuzumira. Padalibe choti n'kuona: mizere yoyera pa mdima, ngati munthu waima m'kanjira ka m'ndende, ndi mayina 6 m'munsi mwake. Ndidaseka. Patangopita masiku atatu, wodandaula kuti batire latha msanga ndidali ine.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, awerengi, mwayamba kale kukwinya nkhope. Tsamba lino mudalizolowera ndi ndakatulo, nkhani zazifupi ndi kusanthula mabuku. Nanga zidole za ana zalowa bwanji? Tandipirirani. Chinthu chilichonse chokhala ndi atengambali, chokhala ndi chiyambi ndi mathero, chokhalanso ndi chiphunzitso chake pa za mtima wa munthu, n'choyenera kuchikhazika pa mphasa n'kuchifunsa mafunso monga timachitira ndi buku. Ndipo masewerawa, dzina lawo Wizardry, ali ndi yankho lawo pa funso limene olemba Chichewa akhala akulimbana nalo chiyambire: munthu akati wasintha, wasiya chiyani, watsala ndi chiyani, nanga walipira zingati?

Adawapanga ndi anyamata awiri, Andrew Greenberg ndi Robert Woodhead, amene adadziwana pa yunivesite ya Cornell ku America, ndipo kampani ya Sir-Tech idawatulutsa pa kompyuta ya Apple II. Nkhani yake ndi yaifupi ngati mchira wa mbuzi. Mfumu ina yamisala, Trebor, yaberedwa chithumwa ndi mfiti yotchedwa Werdna, ndipo mfitiyo yakabisala pansi pa nthaka, m'phanga la nsanjika 10 zotsikira kunsi. Werengani mayina awiriwo chobwerera, muona kuti anyamatawa amadzitchula okha. Iwe wosewera usonkhanitse gulu la anthu osapitirira 6, utsike, umenyane ndi zilombo, ukwere kumtunda kukagona, kugula zida ndi kuukitsa akufa ako ku kachisi, pamtengo osati ulere, kenaka utsikenso. Basi. Mu 2024 kampani ya Digital Eclipse idawaveka zovala zatsopano, koma ife timasewera akale aja a mizere.

Chidwi changa sichidali pa zilombozo. Chidagwera pa bwalo la maphunziro, pamene atengambali amabadwira. Kompyuta imafuna usankhe zinthu zitatu. Choyamba mtundu: munthu wamba, kapena mitundu ya m'nthano za Azungu monga elf, dwarf, gnome ndi hobbit. Chachiwiri mbali: wabwino, woipa, kapena wapakatikati. Chachitatu ntchito. Aliyense ali ndi manambala 6 omuyezera, awa: mphamvu, nzeru, kupembedza, thanzi, changu ndi mwayi, ndipo nambala yapamwamba ndi 18. Apa ndidaseka ndekha, pakuti munthu wamba ngati inu ndi ine amayamba ndi 5 pa kupembedza, kutsika kuposa mitundu ina yonseyo. Anyamata a ku Cornell aja amatidziwa ndithu.

Ntchito zilipo 8. Zinayi n'zosavuta kulowa: msilikali, wamatsenga, wansembe ndi mbala. Nambala imodzi yoyenera ikangofika 11, walowa. Zinayi zinazo ndi za apamwamba: bishopu, samurai, mbuye wankhondo amene iwo amamutcha Lord, ndi ninja, yemwe ana athu amamudziwa bwino kuchokera m'mavidiyo a pa tredingi senta. Ninja amafuna 17 pa manambala onse 6, motero palibe amene amabadwa ninja. Amachita kukwera kuchokera pa ntchito ina. Tsono mbali ija ndiyo imalondera pakhomo. Wansembe akhale wabwino kapena woipa, wapakatikati saloledwa pa guwa. Bishopu chimodzimodzi. Mbala ikhale yoipa kapena yapakatikati. Samurai akhale wabwino kapena wapakatikati. Lord ndi wabwino yekha, ninja ndi woipa yekha. Usilikali ndi matsenga n'za aliyense. Ndipo ku thaveni ya Gilgamesh, kumene gulu limasonkhana, wabwino ndi woipa sakhalira tebulo limodzi. Ukatenga mmodzi, winayo kompyuta ikukaniza.

Taiwerenganinso ndime imeneyo mofatsa. Mbala yapakatikati, ija yongoba chifukwa cha njala, siidzavala mkanjo mpaka imfa. Koma mbala yoipa mtima, ikangokweza nzeru ndi kupembedza kufika pa 12, ikhoza kukhala bishopu mawa lomwe, osalapa, osabweza ngakhale nkhuku imodzi. Abusa musandilembere makalata, sindikunena mpingo wa munthu. Ndikungoti m'masewerawa kupembedza adakuika m'bokosi lake, ubwino m'bokosi lake, ndipo ndi mabuku ochepa a Chichewa amene adalimba mtima kulekanitsa zinthu ziwirizi.

Ndidafuna kuona ndi maso anga. M'gulu la oipa limene mnyamata uja amayendetsa ndidaikamo mbala yanga, munthu wamba, n'kuitcha Fisi. Fisi adagwira ntchito yake bwino. Iye ndiye amanunkhiza mabokosi a chuma, kuzindikira msampha, n'kuukhula osavulaza munthu. Atakwera malevulo angapo, manambala ake adakwana, ndipo ndidapita naye ku bwalo la maphunziro kukamuveka ubishopu. Zimene zidachitika kumeneko ndizo zandilembetsa nkhani ino. Fisi adabwerera pa levulo 1, ngati hedimasitala wauzidwa kuti akayambirenso Sitandade 1. Manambala ake onse adagwa kufika pamene mtundu wake umayambira, kotero kuti kupembedza kuja kwa 12, kumene kudamutsegulira chitseko, kudabwerera pa 5 atangovala mkanjo. Luso la misampha lidamuthawa, mabokosi adayamba kumuphulikira m'manja. Ndipo msinkhu wake udalumpha ndi zaka pafupifupi 5 kapena kuposerapo, tsiku limodzi lomwelo.

Zaka zimenezi si zokongoletsa chabe. Munthu wa mu Wizardry akamakalamba, pokwera levulo manambala ake amatha kutsika m'malo mokwera, ndipo nkhalamba imatha kufera pa bedi ku nyumba yogona alendo, osaonana n'komwe ndi chilombo. Amene wasinthasintha ntchito katatu kanayi amafika pa nsanjika zapansi ali ndi ndodo. Walira mvula walira matope. Ine apa ndidawavulira chipewa anyamata aja, chifukwa adaona chinthu chimene alembi ambiri amachilumpha: kusintha kumadya nthawi, ndipo nthawi yake ndi ya moyo wako womwewo, palibe wina angakubwereke.

Komabe Fisi sadataye zonse. Moyo umene adaunjika m'thupi pa ulendo wake wa umbala, ija nambala yoonetsa kuti munthu angapirire nkhonya zingati asadagwe, adatsala nawo. Adali bishopu wa levulo 1 wa khungu la mbala yakale. Ndipo lamulo likuti matsenga ndi mapemphero amene munthu adaphunzira kale sawaiwala. Wamatsenga akasanduka msilikali amavala malaya achitsulo, koma moto uja amaponyabe. Wansembe akasanduka Lord mapemphero ake ochiritsa amapita nawo. Akatswiri a masewerawa amachita kukonzeratu: mwana uyu ayambe matsenga, akawatha alowe unsembe, pomaliza agwire lupanga, kuti adzakhale munthu mmodzi wonyamula mitu itatu. Madzi saiwala khwawa.

Ife a ku Ntcheu izi sitiyenera kuzidabwa. Angoni a Maseko pofika kuno adagwira anthu ambiri m'njira ndi m'midzi ya Achewa ndi Antumba, anyamata n'kuwapatsa chishango, atsikana n'kuwakwatira. Ogwidwawo adasintha ntchito, adasintha mfunda, ena adakwera mpaka kukhala nduna. Koma chilankhulo cha amayi awo adalowa nacho m'khola la Angoni, ndipo lero tikuvina ngoma titavala nthenga kwinaku tikukambirana m'Chichewa. Wosintha amalowa ndi katundu wake, ndipo nthawi zina katunduyo ndi amene amadzalamula nyumba.

Tsono tibwere ku mtima. Ine ndidali ndi gulu langa la abwino, ndipo wansembe wake ndidamutcha Kamba, munthu wofatsa, wochiritsa anzake. M'phangamo nthawi zina umakumana ndi zilombo zimene sizikufuna ndewu. Zimakupatsa moni, ndipo kompyuta imakufunsa ngati umenyane nazo kapena uzisiye zipite. Ulendo woyamba ndidazisiya. Mnyamata uja adati, "Amalume, mukutaya golide ndi mapointi. Zimenyeni, sizidandaula." Ndidazimenya. Golide adabwera, levulo idakwera, palibe chidachitika. Ndidamenyanso, kachitatu, kakhumi, mpaka ndidasiya kuwerenga funso lija, chala chimangopita chokha pa batani. Tsiku lina tikukonza gulu ku thaveni, kompyuta idakana Kamba. Poyang'ana pa pepala lake, pamene padalembedwa kuti wabwino padali patalembedwa kuti woipa. Palibe belu lidalira, palibe mphenzi idang'anima. Sindikudziwa n'komwe kuti adatembenuka pa ndewu iti. Unsembe sadamulande, mapemphero ake amachiritsabe monga kale. Adangosamukira ku tebulo la Fisi, ndipo kumeneko adamulandira, pakuti gulu lililonse limafuna wochiritsa.

Umo ndi mmene mbali imasinthira mu Wizardry. Wabwino womenya zilombo zamtendere akhoza kugwera ku uipa, ndipo m'mitundu yambiri ya masewerawa woipa wozisiya zipite akhoza kugwera ku ubwino. Kompyuta imachita mayere nthawi iliyonse. Udindo sukhudzidwa: Lord amene waipa amakhalabe Lord, ninja amene wakoma mtima amakhalabe ninja. Mtima amaufunsa pakhomo pokha, polowa ntchito. Ukalowa, palibe amabweranso kudzauyeza.

Muone tsono kusiyana kwa mabuku awiri a ngongole amene masewerawa amasunga. Kusintha ntchito kuli ndi mtengo wolembedwa, ndipo umalipira pompo, ndi zaka, ndi manyazi oyambiranso pansi. Kusintha mtima n'kwa ulere. Sikukudyera chaka ngakhale chimodzi, sikukutsitsa levulo, ndipo ukafuna kubwerera umangopita kukapereka moni kwa zilombo zingapo mpaka mayere akugwere. Osewera adazindikira msanga. Ukufuna ninja m'gulu la abwino? Mulere ali woipa, alowe uninja, kenaka muyendetse m'phanga akupatsa zilombo moni mpaka atayera. M'mitundu ina adapezanso njira yachidule: abwino ndi oipa amene akanizidwa kukhalira limodzi ku thaveni, pamaso pa anthu, amatsika padera n'kukakumana mumdima pansi, kumene kulibe wowaona, n'kuyenda gulu limodzi. Bongololo sadzolera mafuta pagulu.

Kodi tiziti uku n'kulephera kwa olemba, kapena kupenya? Ine ndikuti zonse ziwiri, ndipo kuti tione bwino tiyeni tiike pambali pake mabuku athu. Mu Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe limene ambiri tidaliwerenga kusukulu, mbali imaperekedwa pa bwalo lobadwira ndipo siisuntha: mmodzi ndi wakhama ndi wofatsa, mbale wakeyo ndi wanjiru mpaka kukhetsa mwazi. Ndi dongosolo la nthano, la Kalulu ndi Fisi, ndipo lili ndi kukoma kwake, koma silitiuza mmene munthu amafikira pa uipa. Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara la mu 1933, lidapita patsogolo. Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adatipatsa munthu wovuta ndi wakuba amene adayendayenda, n'kudzalowa ufumu, n'kudzatembenuka mtima kukhala Mkhristu. Bukuli lidapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa mutu wakuti Man of Africa. Ndimalilemekeza. Koma dandaulo langa pa ilo, ndi pa ana ake ambirimbiri amene adadzaza mashelefu a sukulu zathu, ndi lakuti kutembenuka kumabwera kumapeto ngati chofufutira pa bolodi. Mbala ija imatha, pamabwera munthu watsopano, nkhani n'kutseka. Sitiona bishopu wa khungu la mbala akuyesa kukhala ndi khungu limenelo Lolemba m'mawa.

Masewera ena adatsata njira ya Ntara. Mu Final Fantasy IV, wa ku Japan wa mu 1991, msilikali wamdima Cecil amakwera phiri, amakumana ndi chithunzi cha uipa wake, amachigonjetsa posabwezera nkhonya, n'kutsika ali msilikali woyera wa levulo 1, mphamvu zake zamdima zitachoka. Mtima ndi ntchito zimasinthira pamodzi, pali nyimbo, pali kuwala. N'zokoma, koma ndi ulaliki. Ultima IV, wa Richard Garriott wa mu 1985, adayesa kukhala woweruza wachilungamo: amawerenga ngati wapatsa wopemphetsa, ngati wabera wogulitsa wosaona, ngati wathawa pankhondo. Uyu adaposa Wizardry pa kuchuluka kwa zimene amayeza. Wizardry amayeza chinthu chimodzi chokha, moni wa zilombo, ndipo apa ndi wosauka kwambiri. Ukhoza kusiya mnzako wakufa m'phanga utamuvula zida, ukhoza kupanga munthu n'kumulanda golide n'kumufufuta, pepala lako likhalabe loyera. Koma pa chinthu chimodzi chimenecho adalasa pamene ena adaphonya. Kamba sadaipe pa phiri pali nyimbo. Adaipa pa kachizolowezi kakang'ono kopindulitsa, kamene mwini wake adasiya kukaona, ndipo adadziwira kwa ena, pamene adamukana pa tebulo.

Amene tidali akuluakulu pa 14 June 1993 tidaona dziko lonse likulowa pa bwalo la maphunziro tsiku limodzi. Pa riferendamu ija anthu pafupifupi 2 mwa 3 aliwonse adasankha nyali, kusiya tambala wakuda. Pofika May 1994 boma lidali litasintha, ndipo wolitsogolera, a Bakili Muluzi, adali munthu amene adakhalapo mlembi wamkulu wa MCP. Izi sizobisika, ndipo si iwo okha. Pamsika wina kuno kwathu padali bambo amene amaima pachipata kufunsa khadi la chipani, mayi wopanda khadi n'kumubweza ndi dengu lake la tomato pamutu. Chaka cha matipate chisadathe bamboyo adali atavala chikasu, akutsogolera nyimbo, ndipo luso lake lodziwa kuti m'mudzi muno ndani akuganiza zotani lidapezanso msika. Adasintha mbali, matsenga adapita nawo, levulo siidatsike.

Olemba malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 adayesa kuika mtengo. Gawo 65 likuti phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani china akachoka n'kukalowa china, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli pululu, abwerere kwa anthu akapemphenso voti. Ndi lamulo la Wizardry lenileni: wasintha, bwerera pa levulo 1. Koma mu Wizardry muli kampeni kena kosowa, mpeni wa mbala, kamene mbala ikakagwiritsa ntchito imasanduka ninja pompo, osatsika levulo, osataya nambala. Aphungu athu adaupeza mpeni umenewu, dzina lake chiletso cha khoti. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambirimbiri adawatsatira. Khoti lalikulu la apilo lidagamula mu June 2007 kuti Gawo 65 ndi lovomerezeka, koma ziletso ndi kukokanakokana zidawasunga pa mipando mpaka chisankho cha 2009. Mu April 2012, a Mutharika atamwalira, mtsinje womwewo udatembenuka kuyenderera ku PP ya mayi Joyce Banda maliro asadathe n'komwe. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma ife tidaona anthu a mapanga anayi ali gwa, ouma.

N'kosavuta kuloza ena chala, ndiye lekani ndidziloze ndekha, pakuti pali bodza limodzi mu Wizardry limene lidandiwawa kuposa onse. M'masewerawa wapakatikati sasintha. Amenye zilombo zamtendere, azisiye, pepala lake silidetsedwa, ndipo ndi yekhayo amene amaloledwa pa matebulo onse awiri. Mu 1989 boma lidalamula kuti aphunzitsi ochokera ku Mpoto abwerere kukaphunzitsa kwawo. Pa sukulu imene ndimaphunzitsa padali mnzanga wa masamu, munthu amene tidadyera mbale imodzi zaka zambiri, ana ake obadwira konkuno, olankhula Chichewa cha ku Ntcheu kuposa anga. Lole itabwera ndidamuthandiza kukweza mipando ndi mbuzi. Sindidanene kanthu kwa wina aliyense, ndidati ine za ndale ayi, ndine wapakatikati. Sabata isadathe ndidasamukira m'nyumba yake, poti idali ya malata osadontha. Palibe adandikana pa tebulo lililonse, nthawi ya tambala ngakhale nthawi ya nyali. Kompyuta ya ku Cornell ikadandilemba kuti wapakatikati mpaka lero. Ine ndikudziwa kuti china chake chidasintha pa pepala langa tsiku lomwe ndidakhoma msomali wa kalendala pa khoma la mnzangayo, ndipo buku la Chichewa lofotokoza munthu wotereyu, wosaba, wosapha, wongolowa m'nyumba yosadontha, ndikulidikirabe.

Greenberg ndi Woodhead akuoneka kuti adadziwa kuti mpanda wawo wa pakati pa abwino ndi oipa ndi wa mapesi. Mu gawo lachitatu la masewerawa, Legacy of Llylgamyn la mu 1983, adakonza phiri limene nsanjika zina zimalola abwino okha, zina oipa okha, kotero kuti sungamalize popanda magulu onse awiri, kapena popanda kutembenuza anthu ako dala. Mu gawo lachinayi, la mu 1987, adakupatsa kuti usewere ngati Werdna mwini wake, mfiti ija, ikukwera kuchokera m'manda ake kwinaku ikumenyana ndi magulu a ngwazi zobwera kudzaipha. Anthu ochita zotere sakhulupirira kwenikweni kuti liwu limodzi pa pepala likhoza kunyamula mtima wa munthu. Ubwino ndi uipa kwa iwo ndi makiyi a zitseko, monga khadi lija la pamsika.

Ndipo pali funso limene gawo loyamba silifunsa ngakhale kamodzi. Mutu wake wonse m'Chingerezi umanena poyera kuti phangali ndi bwalo loyeserapo anthu la mfumu yamisala. Trebor akufuna chithumwa chake kuti apitirize kugonjetsa maiko, ndipo mphotho ya amene amubweretsera ndi kulowa m'gulu la asilikali omulondera. Tsono taonani: wansembe wabwino ndi ninja woipa, amene sangamwere chikho chimodzi ku thaveni, onse akutsika makwerero omwewo, kukafera ntchito ya bwana mmodzi, ndipo bwanayo ndi wamisala. Lord uja, woyera mtima, wa manambala okwera, akulimbikira usiku ndi usana kuti akhale mlonda wa pakhomo pa wankhanza. Ife amene tidaloweza nsanamira zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo tidaziphunzitsa ana m'mawa uliwonse pa asembule, ubwino wotere timaudziwa fungo lake. Sindikhulupirira kuti anyamata aja amalemba za ife. Ankangoseka, monga mayina awo obwerera akuonetsera. Koma nthabwala imeneyi ikafika kuno ku Mlangeni imamveka mwina.

Usiku womaliza mnyamata uja asadabwerere ku Lilongwe tidali pa nsanjika yachinayi, makala a m'mbaula atatsala pang'ono kuzima. Fisi, bishopu wanga, adali atafa kachiwiri, ndipo ansembe a ku kachisi wa Cant, titawalipira golide yense, adalephera kumuukitsa, adangomusandutsa phulusa. Kamba ndiye adali akuchiritsa gulu la oipa mokhulupirika. Ndidafunsa kuti, "Kodi iwe, tikakachipeza chithumwacho, sitingangochisunga, kapena kuchiponya m'chitsime, osakam'patsa wamisalayo?" Adandiyang'ana ngati ndafunsa mtengo wa mwezi. "Amalume, batani limenelo palibe." Adatseka laputopu, n'kundisiyira kope la masamu lija, mapu a nsanjika zinayi ojambulidwa ndi pensulo, pena pofufutidwa mpaka pepala kubooka. Lili pa shelefu, pakati pa Nthondo ndi buku la nyimbo.